Maina Amene Tidapatsana

Mwezi wina wa chisanu, pakhonde la nyumba ina kuno ku Bembeke, ankhoswe adakhala pansi kukambirana za ukwati wa mtsikana wa pamudzipo. Kunkazizira monga kumachitira kumapiri kuno, ndipo onse anali atazinga mbaula. Mnyamata wofunsira mbetayo anali mphunzitsi wochokera ku Phalombe, munthu waulemu wake. Zokambirana zili m'kati, agogo ake a mtsikanayo, amene zaka zao zapitirira 80, adafunsa mwachifatse kuti, "Kodi ndiye kuti mdzukulu wangayu akukwatiwa ndi Mnguru?" Pakhonde ponse padangoti zii. Nkhoswe yakuchimuna idazolika, mtsikana adadzuka nkuloŵa m'nyumba, agogo aja nkutsala ali kakasi. Alendo atachoka, iwo adadandaula kuti, "Inetu sindidatukwane munthu. Umu ndimo tinkanenera chiyambire kale."

Agogowo sadaname, komanso mtsikanayo sadalakwe pokhumudwa. Ukwati udachitika bwino lomwe, koma nkhaniyi idatisiyira funso. Zimatheka bwanji kuti dzina limene mbadwo wina unkalitchula mosakayika konse, mbadwo wotsatira uzilimva ngati mwano? Tikafufuza mbiri ya maina a mitundu ya anthu m'dziko lathu lino, tipeza kuti ambiri mwa maina amene adatayidwa sadachokere kwa eniake. Adachita kupatsidwa ndi anzao oyandikana nawo, kaŵirikaŵiri pa nthaŵi imene eniakewo analibe poyankhira. Dzina lotere limakhala mpaka tsiku limene mwiniwake wapeza pakamwa ponenera kuti, "Ine sindine ameneyo."

Tiyambire pakhomo pompano. M'mwezi wa Okutobala 1866, David Livingstone adakwera mtandadza wa mapiri athu ano kuchokera chakunyanja, pa ulendo wake wotsiriza. M'buku lake la paulendo adalembamo maina amene anthu adamuuza: okhala pamwamba pa mapiri ankatchedwa Akanthunda, okhala m'zigwa Achipeta, ndipo chakumpoto kwao kunali Acheŵa. Onseŵa ankamvana chilankhulo. Chipeta ndi dziko la udzu wautali, kotero Mchipeta anali munthu wa kumaudzu, monga momwe Mnyanja aliri munthu wa kunyanja. Poyamba maina ameneŵa ankangolozera kumene munthu amakhala, ndipo munalibe chitonzo m'kati mwake. Chitonzo chidadza ndi nkhondo. Angoni atakhazikika m'dera lino, anthu a m'zigwa adayamba kukhala m'malinga ndi kubisala m'mapanga, ndipo pakamwa pa wogonjetsa, mau akuti Mchipeta adasanduka dzina la munthu wogonja, woyenera kugwidwa ndi kulimitsidwa munda. Azungu a boma atafika adalipeza dzinali, nalilemba m'malipoti ao ngati mtundu wapadera. Lero mungayende kuchokera ku Linthipe mpaka ku Dowa osakumana ndi munthu wodzitcha Mchipeta, ndipo pa kalembera wa 2018 dzinali padalibe.

Nawonso Angoni anali ndi maina opatsidwa. Anthu amene ankaŵathaŵa ankaŵatcha Mazitu, ena ankati Maviti, ndipo maina ameneŵa ankanjenjemeretsa ngakhale amalonda a kugombe la nyanja yamchere. Pa ulendo womwe uja wa 1866, amtengatenga ena a Livingstone, motsogozedwa ndi munthu wina dzina lake Musa, adamthaŵa atangomva mbiri ya Mazitu. Atafika ku Zanzibar adanama kuti bwana wao waphedwa ndi Mazitu, ndipo bodzalo lidamveka mpaka ku Ulaya, kufikira pamene E. D. Young adabwera kudzafufuza mu 1867 napeza kuti munthuyo ali moyo. Angoni a Maseko, amene adakhazikika pa phiri la Domwe kutsidya kwa malire athuŵa cha m'ma 1870 pansi pa Chidyaonga, sankadzitcha Mazitu. Dzina lao adabwera nalo okha kuchokera kumwera, ndipo anali ndi mphamvu zolisungira. Ngakhale Angerezi adapha Inkosi Gomani woyamba mu 1896, dzina la Angoni silidagwe naye pamodzi. Lidapitirira kukhala dzina laulemu, lolakalakika, mwakuti ana a anthu ogwidwa pa nkhondo adalitenga kukhala laolao. Kunena zoona, ambiri mwa ife amene timadzitcha Angoni kuno kwa Inkosi Kamenyagwaza, titati titsate bwino mzere wa amai athu, tikapezako gogo wa Chicheŵa kapena wa Chintumba amene sadabwere pamudzi mwa kufuna kwake. Chingoni chenicheni chidatithaŵa pakamwa, tidatsala ndi ngoma, zishango ndi ziwongo. Koma dzina tidaligwiritsa. Apa tikuwona kuti dzina loopsa la Mazitu lidafa msanga popanda wina kulembera kalata boma, chifukwa eniake sanali anthu oponderezedwa.

Za Ayao tingonena mwachidule. Amishoni oyamba amene adafika ku Magomero mu 1861 ankalemba kuti Ajawa, ife tinkati Achaŵa, pamene iwo eniake ankati Wayao. Mu 1919 wansembe wa Chianglikani, Yohanna Abdallah, adatulutsa buku la mbiri ya mtundu wake, Chiikala cha Wayao, ndipo dzina la eniake lidaima pachikuto. Mau akuti Achaŵa akumvekabe m'misika yathu, mwina ponena za anthu a kwa Tambala, mwina ponena za Msilamu aliyense ngakhale asakhale Myao. Kusokoneza mtundu ndi chipembedzo kotereku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ambiri salikondera dzinali.

Tsono tifike pa dzina lija lidaziziritsa pakhonde. Kuti tilimvetse tiyenera kutsika mapiri athu ndi kupita kumwera. Kuyambira cha m'ma 1890, anthu miyandamiyanda adayamba kuwoloka malire kuchokera kuvuma, ku dera lozungulira phiri la Namuli m'dziko la Mozambique, naloŵa m'maboma a Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba. Ankathaŵa nkhondo za Apwitikizi, msonkho, ntchito yokakamiza ndiponso njala. Kwao sanali gulu limodzi: kunali Amihavani, Amanyawa, Amarenje, Atakhwani, Akokhola ndi ena, aliyense ndi kalankhulidwe kake. Koma atafika kuno, onse adangoŵafunditsa dzina limodzi lakuti Anguru. Za chiyambi cha dzinali anthu amanena zosiyana. Ena amati lidachokera ku dzina la malo, ena amati Ayao ndiwo ankatchula motero alendo olankhula Chiyao chosamveka bwino. Komabe chimene chidalidetsa dzinali si kumene lidachokera ai, koma moyo umene anthu ake adaupeza kuno.

Pamene iwo ankafika, nthaka yabwino ya kumapiri a Shire inali itagwa kale m'manja mwa Azungu, amene Harry Johnston adaŵapatsa zikalata za umwini kuyambira mu 1892. Mlendo wopanda mfumu, wopanda munda, adalibe kwina koloŵera koma pa esiteti. Kumeneko ankaloledwa kumanga nyumba ndi kulima kamunda, malinga agwire thangata, ndiye kuti kugwira ntchito m'munda wa mwini malo m'malo mwa lendi, ndiponso nthaŵi yake inali ya dzinja, pamene munda wakewake ukufuna khasu. Munthu wa konkuno akatopa ankatha kusamukira kwa abale ake. Mlendoyu akakana, ankapirikitsidwa, ndipo kubwerera kwa Apwitikizi kunali kosatheka. Nchifukwa chake eni minda ankaŵakonda anthu ameneŵa, ndipo nchifukwa chake chomwecho anansi ao ankaŵapeputsa. Mnguru adasanduka dzina la munthu wolola ntchito iliyonse pa malipiro alionse. Pamwamba pake padadza nthabwala zonena za zakudya zao, zimene sitifuna kuzibwereza pano, ngakhale ambirife tidaziseka tili ana. Sizodabwitsa kuti pamene John Chilembwe adaukira boma pa 23 Januwale 1915, ambiri mwa omtsata anali anthu omweŵa, ndipo nkhondoyo idagwera pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene thangata linali loŵaŵa koposa.

Chiŵerengero chao chinkakulirakulira. Kalembera wa 1921 adapeza anthu opitirira 120,000, ndipo wa 1945 adapeza pafupifupi 380,000. Koma kuchuluka sikudachotse manyazi. Makolo ambiri adaleka kulankhula chilankhulo chao kwa ana, kuwopa kuti angakasekedwe ku sukulu ndi kumsika. Ena pofunsidwa mtundu ankayankha kuti ndi Anyanja kapena Ayao. Tiganizire bwino mfundo imeneyi, abale athu: mau amene agogo aja ankaŵatchula mosaganizira kanthu, kwina adachititsa mai kubisa chilankhulo chake kwa mwana wobala yekha.

Munthu amene adaimirira kukana dzinali anali Lewis Mataka Bandawe. Iye adabadwira ku Mozambique, adaphunzira ku mishoni ya Blantyre, ndipo adabwerera kwao kukagwira ntchito ya mishoni ku Mihecani kwa zaka zambiri. Ndiye adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Pambuyo pake adakhala womasulira ku khoti lalikulu ku Blantyre, kumene ankamva tsiku ndi tsiku m'mene anthu a mtundu wake ankatchulidwira pamaso pa oweruza. Mu 1943 iye ndi anzake adakhazikitsa bungwe la Lomwe Tribal Representative Association, ndipo pempho lao lalikulu linali lakuti boma lileke kulemba Anguru, lizilemba Alomwe. Boma lidavomera. Sadapemphe ndi mikondo. Anali anthu ophunzira, odziŵa kulemba kalata m'Chingerezi, odziŵanso khomo loyenera kugogoda. Zaka 50 m'mbuyo mwake anthu otere padalibe pakati pao, ndipo dzina lidakhala chifukwa panalibe wolitsutsa m'chilankhulo chimene boma likadamva.

Komatu tisafulumire kuwomba m'manja. Dzina lidasintha pa pepala, koma thangata lidapitirira mpaka 1962. Kwa zaka pafupifupi 20 munthu ankalembedwa Mlomwe m'kaundula wa boma, uku akulimabe munda wa mwini esiteti monga ankachitira ali Mnguru. Ndipo m'kamwa mwa anthu wamba dzina lakale lidakhalitsa koposa. Agogo athu aja adabadwa nthaŵi yomwe boma linkalichotsa dzinali, koma adakula, nakalamba, osamva kuti lidachotsedwa, poti amene ankadutsa kuno kupita kukagwira utenanti m'minda ya fodya sankaima kuti akonze kalankhulidwe ka eni mudzi. Manyazi adayamba kutha zenizeni pamene ana a Alomwe adakhala aphunzitsi, ansembe, nduna, mpaka mtsogoleri wa dziko. Mu 2008 Bingu wa Mutharika adakhazikitsa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde m'boma la Mulanje, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu pafupifupi 19 mwa 100 alionse adadzitchula Alomwe, kukhala mtundu wachiŵiri pa kuchuluka m'Malaŵi.

Zaka zomwezo za m'ma 1940 dzina linanso linkagwa, lokhudza tonsefe. Atsamunda ankatitcha Native, ndipo makolo athu ophunzira adayamba alilandira: bungwe lao loyamba, la mu 1912, linali North Nyasa Native Association. Koma pofika 1944, pamene mabungwe otere adalumikizana pansi pa Levi Mumba, adadzitcha Nyasaland African Congress. Mau akuti Native mwa iwo okha amangotanthauza mbadwa, koma anali atanunkha chifukwa chokhala nthaŵi yaitali pa malamulo a msonkho ndi pa makomo oloŵera anthu akuda okha. Mafumu amene ankalembedwa N.A. tsopano timaŵalemba T.A.

Pali chinthu china m'nkhani ya Alomwe chimene sitiyenera kuchilumpha. Dzina latsopano lija lidachotsa chitonzo, koma nalonso lidafunditsa Amihavani, Akokhola ndi Atakhwani chofunda chimodzi. Dzina lalikulu limameza maina aang'ono. Zimenezi zidawoneka poyera mu 1968, ndipo ulendo uno opindula tinali ife a chigawo chapakati. Chilankhulo chimene tikulemba panochi chinkatchedwa Chinyanja m'mabuku a sukulu, m'makatekisimu ndi pa wailesi. David Clement Scott, polemba buku lake lotanthauzira mau mu 1892, adachitcha Chimang'anja. Dr. Kamuzu Banda sankagwirizana nazo. Akali wophunzira ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a chilankhulochi, limene lidatuluka mu 1937 ndi dzina lakuti Chicheŵa pachikuto. Mu 1946, m'buku limene adakonza pamodzi ndi Cullen Young, adanenetsa kuti Anyanja, Amang'anja, Achipeta ndi Acheŵa ndi ana a nyumba imodzi ya Amaravi. Pa mfundo ya mbiri sadalakwe kwenikweni. Koma pa msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress ku Lilongwe mu Sepitembala 1968, chidagamulidwa kuti Chinyanja chizitchedwa Chicheŵa, ndi kuti chikhale chilankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, ndipo chidabwererapo mu 1994.

Mcheŵa wa ku Kasungu kapena wa ku Dedza adanyadira, ndipo anali ndi chifukwa. Koma Mmang'anja wa ku Chikwawa ndi Mnyanja wa ku Likoma adadzuka m'maŵa nkupeza kuti chilankhulo cha amai ao chatenga dzina la mtundu wina, popanda woŵafunsa. Ife tikuwona kusiyana kwakukulu pakati pa 1943 ndi 1968. Bandawe ankapempha kuti anthu ake atchedwe monga iwo afunira. Msonkhano wa ku Lilongwe udauza anthu ena m'mene azidzitchulira. Zotsatira zake zimaseketsa tikafika pa msika wa Lizulu, pamene mseu waukulu uli malire a maiko aŵiri. Mai wogulitsa kachewere tsidya lino akulankhula Chicheŵa, mchemwali wake tsidya linalo, m'boma la Angonia, akulankhula Chinyanja, chonsecho akukambirana za maliro a malume ao mmodzi. Ku Chipata ndi ku Lusaka nakonso sukulu zimaphunzitsa Chinyanja.

Pajatu akulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Amuna ambiri a m'midzi yathu ino adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a ku Rhodesia ndi ku Joni, ena kudzera ku Wenela, ena ku Mthandizi, ena pansi ndi miyendo yao kudzera ku Tete. Atafika kumeneko adapeza kuti za Ungoni, Ucheŵa ndi Ulomwe palibe wozilabadira. Onse anali Manyasarandi, kapena Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre, kapenanso Mabwidi, dzina lachipongwe lenileni. Zifukwa zake zinali zomwe zija za ku Thyolo: mlendo wopanda munda, wolola ntchito imene eni dziko akuikana. Mngoni amene kwao ankaseka Mnguru adagona naye m'chipinda chimodzi cha komponi, onse aŵiri akutchedwa dzina limodzi. Kunonso kumudzi tidaŵaonjezera lina, lakuti matchona. Ndipo dzina likaloŵa m'malamulo limaluma koposa. Dziko la Zimbabwe litasintha lamulo la unzika mu 2001, zidzukulu zambiri za anthu athu, zobadwira komweko, zosadziŵa nkomwe njira ya ku Dedza, zidapezeka kuti ndi alendo, zitupa zao zitalembedwa Alien, ndipo zidataya ufulu wovota. Malamulo atsopano a dzikolo a mu 2013 ndiwo adatsekulanso khomo.

Kutali ku Amereka nkhani yake njofanana, kungoti kumeneko maina asintha kambirimbiri. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda limene lidayamba mu 1909 likadali ndi mau akuti Colored m'dzina lake, mau amene lero munthu sangaŵatchule pagulu. Martin Luther King ankanena kuti Negro mwaulemu wonse mu 1963. Zisanathe zaka 10 achinyamata adalikana nasankha Black. Mu 1988 Jesse Jackson ndi anzake adalimbikitsa African American. Dzina lililonse linkabwera loyera, ndipo linkada pakapita nthaŵi, chifukwa chimene chinkalidetsa chinali chikhalirebe. Tikaŵerenga makalata akale, kaya a amishoni athu amene adafika kuno ku Bembeke mu 1910, kaya a makolo athu omwe, tidzapezamo mau amene ife sitingaŵalembe. Sitiyenera kuŵafafaniza m'mabukumo, poti ndiwo mboni ya m'mene zinthu zinaliri. Koma sitikakamizidwanso kuŵabwereza pa khonde pamene pakhala mkamwini.

Patsala mtundu umodzi umene sudalembepo kalata kwa bwanamkubwa. Kumpoto chakuzambwe kwa Bembeke, kupitirira tauni ya Dedza, kuli mapiri a Chongoni, kumene kuli mapanga ndi matanthwe 127 okhala ndi zojambula zakale. Bungwe la UNESCO lidaika malowo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zoyera, za zilombo za gule ndi za chinamwali, nza Acheŵa. Koma pansi pake pali zina zofiira, mizere, madontho ndi zozungulira, zimene adajambula anthu osaka nyama ndi otola zipatso amene makolo athu adaŵapeza m'dziko muno. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere napeza zipangizo zao zamiyala. Anthu ameneŵa adakhala moyandikana ndi alimi kwa zaka mazana ambiri, mpaka adatha, ena pokwatirana ndi obwerawo, ena pothaŵira kutali.

Ife timaŵatcha Akafula. Timaŵatchanso Amwandionerapati, potsata nthano imene tonse tidaimva kwa agogo: akuti anali anthu aafupi, okwiya msanga, ndipo ukakumana naye mmodzi ankakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pafupi pompa, ankakulasa, wanzeru ankayankha kuti, "Ndakuwonerani kutali uko," ndipo ankapita ndi moyo. Ana a sukulu akapita ku Chencherere amaifotokozerana nthanoyi pakhomo pa phanga, nkumaseka, ndipo palibe mtsikana wodzuka kuloŵa m'nyumba. Akatswiri, pofuna dzina laulemu, amalemba kuti Abatwa. Nalonso ndi dzina limene anthu olima ndi oŵeta adapatsa anansi ao osaka nyama, kuyambira ku Rwanda mpaka ku madambo a Kafue.